Dothi Limene Sindinaponye pa Manda a Esinati

Kwa abusa athu, kwa mashehe amene atiyendera lero, kwa akuluampingo, amayi, abale ndi alongo nonse.

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Kwa abale athu a Chisilamu ndikuti, Asalamu aleikumu. Ngati lilime langa lapotoza moniwo mundikhululukire, pakuti ndauphunzira imvi zitamera kale.

Ine amene ndaima pamaso panu ndine Gedioni Kamwendo, wobadwira ku Ntcheu, wokhala kuno ku Nkope kwawo kwa malemu mkazi wanga. Ndinagwira ntchito ya umesenjala paboma la Mangochi kufikira popuma. Sukulu sindinapite nayo patali. Kulemba ndinaphunzira poyang'anitsitsa makalata amene ndinkatumidwa nawo. Chotero ndikupempha chilolezo chowerenga zimene ndalemba, pakuti ndikalankhula za mumtima popanda pepala, mawu amandithawa.

Nkhani imene ndabwera nayo ndi yokhudza mwana wanga Esinati.

Abale ndi alongo, Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha. Mmodzi yekha! Amayi ake atatisiya, iye ndiye anali maso anga. Ndiye ankandisitira yunifomu. Ndiye ankandiseka ndikamalankhula naye ngati ndili mu ofesi. Ankati, "Ababa, pano si paboma. Nenani kuti mukufuna tiyi basi."

Atakula anakondana ndi mnyamata wa Chisilamu dzina lake Yusufu, wa kutsidya kwa mlatho, kunjira ya ku Makanjira. Anali mnyamata waulemu, wogula ndi kugulitsa usipa. Esinati analowa Chisilamu, napatsidwa dzina la Asiyatu, ndipo anatengedwa kukakhala kwawo kwa mwamuna. Sindinganame pamaso pa Mulungu kuti ndinavina. Koma sindinakanize. Ukwati unachitika, ndipo ine ndi bambo ake a Yusufu, Che Saidi, tinagwirana chanza monga asewere.

Tsopano ndifike pa tsiku lija.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno mukulidziwa. M'mawa foni inalira. Anali Yusufu, akulira. Anati, "Ababa, Asiyatu watisiya pobereka. Mwana ali moyo, wamkazi. Bwerani msanga, tiika lero."

Tiika lero. Mawuwa ndinawamva, abale anga, koma sanalowe. Ndinayesa ndi kulankhula kwa munthu wosokonezeka ndi chisoni. Kwathu ku Ntcheu maliro amagona. Kwathu mwana saikidwa bambo wake asanaone nkhope. Ndipo kwathu bambo safika pamaliro a mwana wake chimanjamanja. Chotero nditafika paboma ndinatsika, ndinapita kwa kalipentala, ndi kulamula bokosi. Ndinafuna la matabwa abwino, la zogwirira zonyezimira, la nsalu yoyera m'kati. Iyi inali mphatso yotsiriza imene ndikanampatsa.

Kalipentala uja anati, "Madala, mukanyamula tsopano vanishi akumatirani m'manja. Dikirani aume."

Ndinadikira. Abale ndi alongo, ndinadikira vanishi! Foni yanga inali itatha moto m'thumba, ine osadziwa. Ndinakhala pabenchi, kuyang'ana bokosi likuuma padzuwa, ndi kumati mumtima, mwana wanga apita mwaulemu.

Pamene galimoto imene ndinabwereka inkalowa m'mudzi muja, dzuwa linali litapendeka. Ndinaona amuna akubwera pamzere, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anyamata anali atanyamula jeneza, chonyamulira maliro cha abale athuwa. Munalibe kanthu m'menemo. Munalibe kanthu!

Anthu anaima. Anayang'ana bokosi, nayang'ana ine. Ine sindinatsike. Chimene chinatuluka m'kamwa mwanga ndi mawu awiri kwa dalaivala: "Tiyeni tibwerere."

Kuyambira tsiku limenelo bokosi linakhala m'nyumba mwanga, pabalaza. Kugulitsa sindikanatha, linali la Esinati. Kutaya sindikanatha, linali la Esinati. Ndinalifunditsa chitenje cha amayi ake. Ana a m'mudzi muno anandipatsa dzina, ena a inu mukulikumbukira: agogo a bokosi. Yusufu anabwera kamodzi. Anafika pakhomo, anasuzumira, anaona chimene chinali pabalaza, nabwerera chamsana osakhala pansi. Pambuyo pake ndinamva kuti wapita ku Joni kukafuna ntchito. Chingwe chinadukira pamenepo.

Zaka zinapita. Manda a mwana wanga sindinkawadziwa. Dzina la mdzukulu wanga sindinkalidziwa. Ndinkaganiza kuti anthu aja anathamangira dala, kuti Mkhristu asadetse mwambo wawo. Ndipo munthu amene wakuthawitsira maliro, ungapite bwanji kukampempha kuti akuonetse mwana?

Ndinene chinthu chimene sindinauzepo munthu. Pamaliro a anthu ena, ikafika nthawi yoona nkhope, ine ndinkasirira. Ndinkasirira anthu olira! Ndinkati, awa ndi odala, aona. Abusa akamati dothi ku dothi, abale n'kumaponya dothi m'dzenje, dzanja langa linkafumbata lokha m'thumba. Ndinkafunsa Mulungu: anamsambitsa ndani? Anamgwira bwino? Tsitsi lake lija analisiya lili nyankhalala? Yankho panalibe. Ndinaleka kuimba m'tchalitchi muno. Pakamwa pankayenda, mawu ayi.

Tsono Mulungu ali ndi njira zake.

Monga mukudziwa, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti anayambitsa misonkhano yokhalira pamodzi, malinga ndi mikangano imene inkabuka m'masukulu ndi m'misika. Ulendo wina amalandira ndi Akhristu, ulendo wina Asilamu. Mbuzi amazinga ndi Msilamu kuti aliyense adye ndi mtima umodzi. Abusa athu anandipeza kunyumba nati, "A Kamwendo, tikusowa mlembi. Dzanja lanu ndi loongoka."

Ndinayankha kuti, "Abusa, pempho lanu ndalilandira, koma ndili ndi chisoni kukudziwitsani kuti sindingathe."

Iwo anaseka. "Simukalankhula ndi munthu. Mukangolemba. Kapena cholembera nachonso chinakwiya?"

Ndinapita. Msonkhano unali pabwalo la sukulu ina kufupi ndi Nkopola, pansi pa mitengo ya mango. Panabwera lole yodzaza ndi anthu a kutsidya. Mutu wa tsiku limenelo sindinauzidwe. Nditakhala patebulo wapampando analengeza: "Lero tifotokozerana m'mene timasungira maliro."

Abale, ndinafuna kuthawa. Koma mlembi sathawa.

Akhristu anafotokoza zathu. Shehe wina anafotokoza zawo. Kenaka mnyamata wina wa kwaya anaimika dzanja nati, "Ine funso langa ndi limodzi. Inu anzathu, chothamangira n'chiyani? Munthu wamwalira m'mawa, masana mwakwirira, ngati mukubisa katundu wakuba!"

Anthu anaseka, ena anang'ung'udza. Pamenepo anaimirira mayi wina wachikulire, wamfupi, wovala mpango woyera. Anati dzina lake ndi Abiti Juma, ndipo ntchito yake ndi yosambitsa maliro a akazi kumudzi kwawo.

Anati, "Mwanangu, iwe ukamapita kwa amako umayenda monyinyirika? Womwalira ali paulendo wa kwa Mwini wake. Ife sitimchedwetsa. Koma usayese kuti timamtaya. Timatenthetsa madzi, osawotcha, osazizira, ngati a khanda. Timamfunditsa nsalu kuti ngakhale ife osambitsa tisaone thupi lake. Timayamba mbali ya kumanja. Tsitsi timalipesa, timaliluka. Tikatero timamveka sanda, nsalu yoyera, ndi mafuta onunkhira."

Ine ndinkalemba.

Anapitiriza. "Ndipo kudikira timadikira. Kwathu tinasambitsapo mtsikana wina, mwana wa Mkhristu wa ku Nkope. Tinamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Apongozi ake aamuna anakaniza kunyamula. Anakaima pamsewu, padzuwa, opanda chisoti, kudikira bambo ake. Swala ya masana, pemphero lathu, inadutsa. Shehe anatuma anthu kukawaitana, koma apongoziwo anakana. Kutentha kuja, ndipo munthu wamwalira pobereka, amayi mukundimva. Pofika swala ya alasiri, dzuwa litapendeka, sizikanathekanso. Mkulu uja anapita kumanda akucheukira kumsewu."

Cholembera chinagwa.

Ndinaimirira osapempha chilolezo kwa wapampando, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinati, "Mayi, mtsikanayo anali ndi chizindikiro chanji?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Chipsera cha moto padzanja lamanzere, apa."

Koloboyi anamuwotcha pamenepo ali wamng'ono. Ndinamthamangitsira kuchipatala ndine, pa njinga ya boma.

Abiti Juma anayenda kudutsa bwalo lonse, nadzagwada patsogolo pa tebulo langa. Anati, "Ndinu atate ake a Asiyatu? Nkhope imene munkafuna kuona ndinaiona ine. Inali yosalala, ngati munthu wagona atatopa kumunda. Tsitsi ndinamluka ndine ndi manja awa. Anapita wokongola, baba."

Abale ndi alongo, ndinalira. Ndinalira pamaso pa mashehe ndi abusa, pamaso pa ana a sukulu. Maliro amene anakhala pabalaza langa zaka zonse zija anatuluka tsiku limenelo. Aleluya!

Lole ija pobwerera inanyamula munthu mmodzi woonjezera.

Che Saidi ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde. Anali atakalamba kuposa m'mene ndinkawakumbukira. Atandizindikira anaimirira, ukonde uli m'manja, nati, "Asewere, mwabwera ndi apolisi?"

Ndinati, "Apolisi a chiyani?"

Anati, "Yusufu anatiuza kuti bokosi mukusunga. Inu ndinu munthu wa boma. Tinkati mukudikira chilolezo chodzafukula mwana wanu ndi kutilanda mdzukulu. Galimoto iliyonse yachilendo ikalowa m'mudzi muno, mwana tinkamthawitsira kuseri."

Taonani, abale. Ine kuno ndikuti sakundifuna. Iwo uko akuti ndikuwakonzera mlandu. Ine ndinachedwa chifukwa cha chikondi. Iwo anadikira chifukwa cha chikondi. Ndipo panalibe bwalo loti tikhale pansi ndi kufunsana.

Ndinawafotokozera za vanishi. Anapukusa mutu nati, "Vanishi! Ine dazi langa linasupuka pamsewu chifukwa cha vanishi?" Tinaseka, misozi ikutsika, amuna awiri okalamba.

Ananditengera kumanda. Panalibe chipilala, panalibe dzina. Panali mulu wa dothi wophwa ndi mvula, ndi mwala kumutu. Che Saidi anati, "Kwathu aliyense amaponya dothi ndi dzanja lake katatu. Tsiku lija onse anaponya. Lanu lokha ndi limene likusowa. Manda awa sanathe."

Ndinagwada. Dzanja lija linkafumbata m'thumba linafumbata dothi lenileni. Ndinaponya. Ndinaponyanso. Ndinaponya kachitatu. Ndinapemphera m'dzina la Yesu, iwo ali chiimire pambali panga manja ali otambasula, akupemphera m'njira yawo. Palibe anasokoneza mnzake.

Pobwera kumanda anaitana, "Patuma! Bwera udzapereke moni kwa ambuje ako." Anatuluka mtsikana wovala yunifomu ya sukulu, mano akutsogolo atagweluka. Anagwada patali. Ine ndinati, "Ndine wokondwa kukudziwitsa kuti ndine agogo ako." Anayang'ana Che Saidi nafunsa, "Amalankhula chonchi masiku onse?"

Amayi ake enieni. Mawu ake, kapendekedwe ka mutu, zonse.

Pomaliza, ndifotokoze m'mene zinthu zilili tsopano. Bokosi mulibenso m'nyumba mwanga. Mphunzitsi wina wochokera kutali anamwalira kuno wopanda m'bale pafupi, ndipo ndinalipereka. Amene anathandiza kulinyamula ena anali Asilamu. Pamalo pamene linkakhala pali mphasa imene Patuma amagonapo akabwera patchuthi, ndi kabeseni kake kosambira asanaswali. Nkhuku ya kunyumba kwanga amazinga ndi mnansi wanga wa Chisilamu. Yusufu amaimba foni kuchokera ku Joni. Ulembi wa misonkhano ija ndikupitiriza, ndipo kuimba m'tchalitchi muno ndinayambiranso, ngakhale a kwaya sanathokoze.

Sindinena kuti kusowa kunatha. Nkhope ya Esinati sindinaione, ndipo pansi pano sindidzaionanso. Mano oyamba a mdzukulu wanga anamera ndi kugweluka ine kulibe. Zimenezo palibe msonkhano ungandibwezere. Masiku ena ndikamva mtsikana akuseka kumsika ndimatembenukabe. Koma tsopano ndikamsowa ndimadziwa kolowera. Ndimakwera galimoto, ndimawoloka mlatho, ndipo Che Saidi amanditsogolera.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye. Ndikuthokoza abusa amene anakana kukana kwanga. Ndikuthokoza Abiti Juma, amene akhala apo pakati pa amayi, chifukwa cha manja awo. Amayi inu, munagwira ntchito imene inali ya malemu mkazi wanga.

Pempho langa kwa inu nonse ndi limodzi. Uthenga wa msonkhano ukafika, pitani. Kafunseni funso limene mukuliopa. Yankho langa linali m'kamwa mwa mayi amene sindinkamdziwa, ndipo linandidikira zaka zonsezo kutsidya kwa mlatho.

Ndatha ine wanu mwa Ambuye, atate ake a Esinati, amene kutsidya amamutcha Asiyatu, ndiponso agogo ake a Patuma,

Gedioni Kamwendo.

Amen.