Ufa Woyera Umene Unazimitsa Moto pa Chigayo

Nthawi imene tinali titangobwerera kuchokera ku Malawi, nkhondo itatha, ife soda tinkangomudziwa ngati wothira m'therere basi, ndipo ambiri tinkachezabe chidulo cha phulusa la makoko a nyemba. Inu a lero mumangogula kapaketi pa merikado, koma tamverani zimene ndinaona ndi maso angawa!

Ndinkagwira ntchito pa chigayo cha alamu anga, a Fabiano, m'mbali mwa msewu wa ku Ulongwe. Tsiku lina masana, amayi atadzaza pabwalo ndi matumba a chimanga, paipi ya mafuta a gazoleo inaphulika, ndipo moto unangoti lawi pa injini! Wina anakhuthulirapo ndowa ya madzi, koma ana inu, motowo unayandama pamadziwo n'kuthamangira kukhomo, alamu anga ali m'kati. Ena kukuwa, ena kukoka matumba awo.

Pomwepo inaima chapa, minibasi yopita ku Tete, ndipo motorista wake, woyendetsayo, anatsika atanyamula chibotolo chofiira chachitsulo. "Patukani, amayi, patukani!" Anasolola kachitsulo n'kufinya, ndipo munatuluka ufa woyera uli fooo, moto wonse uja n'kungoti zii! Alamu anga anatuluka akutsokomola, thupi lonse lili mbuu, nsidze zitapserera, koma ali moyo. Nthungululu zake tsiku limenelo!

Ufawo unandigwera pamilomo, ndipo nditanyambita ndinadabwa. "Achimwene, kodi ameneyu si soda?"

Motorista uja anaseka. "Ndi yemweyo, bambo! Ku fabrika amamupera bwino n'kumusakaniza ndi zina kuti asaumbike, ndipo akatenthedwa amatulutsa mpweya wotsamwitsa moto. Koma musakaphikire ndiwo!"

Apo n'kuti mayi wina wa ku Lifidzi atayamba kale kuwolera ufawo m'nsalu yake, ndipo tinaseka mpaka misozi, alamu anga omwe.

Kale moto ukabuka tinkangodalira mchenga ndi nthambi zaziwisi, koma lero zida zilipo. Ndiye iwe Rozita mdzukulu wanga, ndamva kuti ukutsegula chigayo chako ku Fonte Boa. Usanapake penti n'komwe, ugule chibotolo chofiiracho, uchipachike pafupi ndi khomo, ndipo aliyense wogwira nawe ntchito umuphunzitse kuchitsegula. Ndikufuna ndizibwera kudzagayitsa kwa iwe mtima uli m'malo.