Dizilo yomwe ndinamana a maliro

Ba muulutsi, zolemba zanga n'zokhota, koma muwerenge mokweza monga ndimalankhulira ine.

Tsikulo pa filing'i sitesheni ku Rufunsa panali ine, mwana wanga wamwamuna, mayi wothira mafuta, madalaivala a minibasi, ndi bambo wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu. Mphekesera inali yakuti oyendetsa matanka a mafuta ayamba sitalaka Lolemba. Ine ndili ndi chigayo, ndipo sindikonda kutsalira. Ndinafika m'mamawa ndi ngolo, ndinadzaza dizilo m'zigubu zisanu ndi zitatu, pampu inauma pa ine.

Bambo uja anabwera atavula chisoti. Anati mwaulemu, “Ba shikulu, tanyamula mtembo wa mlongo wanga kuchokera kuchipatala, motoka yatithera dizilo. Tigulitseniko chigubu chimodzi.”

Ndinamuyankha mokuwa kuti onse amve: “Munali kuti pomwe anzanu tinkadzuka? Chigayo changa chimwa madzi?” Palibe amene anaseka.

Mtembo unakhala padzuwa pambali pa msewu, amayi akuuphimba ndi zitenje. Anauika mawa lake, mothamanga, osauona nkhope. Sitalaka ija sinachitike n'komwe. Zigubu zili m'nyumba, ndipo ndikamva fungo lake chakudya chimandikana.

Ku maliroko ine ndinachita manyazi kupita, ndinatuma mwana wanga kukathandiza kukumba manda. Anabwerako msanga, khasu lake lopanda dothi. Anakhala pakhomo osandiyang'ana, n'kunena kuti:

“Batate, andibweza. Akuti tsiku lanu likadzafika, ndidzakumba ndekha.”