Thonje Pabanga la Evodia

Mwezi umene mango amachita maluwa, ng'oma inazungulira Mbamba Bay yonse: aliyense wokhala ndi banga pakhungu abwere adzayezedwe khate, mankhwala afika. Leokadia anaima pamzere pamsika ndi mwana wake Evodia. Mayi wina wogulitsa usipa, wosadziwana naye, anamunong'oneza.

"Mayi, namwali wokongola chonchi pamzere uno? Alibe womufunsira?"

"Alipo. Ukwati aulengeza kale kawiri m'tchalitchi."

"Ndiye tamverani. Dokotala amamuuza kuti atsinzine, n'kumukhudza pabangapo ndi thonje, poti banga la khate silimva kukhudzidwa. Iye asuzumire pang'ono, thonje likafika anene kuti, 'Ndikumva.' Salembedwa, apongozi sadziwa kanthu."

"Aname?"

"Nanga? Akalembedwa m'buku la akhate, mnyamatayo akwera sitima osatsanzika!"

"Akwere, nyanja ndi yaikulu. Ambuye wathu anagwira wakhate ndi dzanja lake anthu akuona. Mnyamatayo, mwana wa msodzi chabe, ndani kuti anyansidwe?"

"Ha! Ulaliki ulipo. Koma banja la mwana mwalipha nokha."

Leokadia anatulutsa dzanja lamanzere m'nsalu yake. Linatsala ndi zala ziwiri zokha.

"Nzeru yanuyo, mayi anga anandiphunzitsa ine ku Liuli. Ndinati 'Ndikumva,' ukwati unachitikadi, nthungululu mbwee! Chala chachitatu chitaduka, mwamuna anapita ndithu. Evodia, sendera, akukuitana. Utsinzine zolimba, mwanawe. Ukapanda kumva, unene kuti sukumva. Mokweza, amve ndi a kumapeto kwa mzere."