Chuku cha padzanja langa

Aulutsi, ndiloleni nane ndifotokozeko zanga. Likulu litasamuka ku Zomba, ineyo ananditumiza ku Lilongwe kudzataipa makalata a boma. Abale onse ndinawasiya kumwera, ndipo ndinali kale ndi matenda a shuga.

Tsiku lina ndikulima kadimba kuseri kwa nyumba ku Area 3, kamtengo kanandibaya padzanja. Bala lija linada n'kuyamba kufalikira. Ku ofesi anayamba kunong'onezana kuti ndi khate, moti tiyi ndinkamwa ndekha.

Adokotala ataunika kachidutswa ka khungu anati, "Mayi, si khate ili. Ndi chuku, ngati cha pa chimanga chonyowa. Chalowa chifukwa shuga wafooketsa thupi lanu."

Ndinagonekedwa milungu isanu ndi umodzi, akundiika dilipi ya mankhwala achikasu onjenjemeretsa thupi lonse. Nthawi yoona odwala ikakwana, ndinkangotembenukira kukhoma. Mayi ena akumudzi, amene ankadwazika mwana wawo pa bedi loyandikana, ndiwo ankandifunditsa chitenje chawo, amvekere, "Pepani amayi, zitha izi."

Bala linapola, koma zala ziwiri zinauma, ndipo kutaipa kunathera pomwepo. Mayi aja dzina lawo sindinawafunse n'komwe. Omvera anzanga, mukapita kukazonda wanu kuchipatala, mupatseniko moni wogona pa bedi linalo.