Mcheni Unaluma Alamu Pakati pa Kariba

Abusa, ndakupatsani moni m'dzina la Yesu. Akulu a mpingo, azimayi, azibambo, ndi inu achinyamata kumbuyoko, mtendere ukhale nanu. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni.

Ambiri mumandidziwa, ndine mlimi wa pano pa Chinyunyu. Chaka chija mvula inadula, chimanga changa chinapsa chisanabereke. Mukukumbuka, si ine ndekha. Koma ine mtima unasowa pokhala. Ndikakhala pakhonde, ndanyamuka. Ndikafika kumunda, ndangoyang'ana mapesi, ndabwerera. Ndimakaima pamsewu kuonerera mabasi a ku Chipata ngati pali amene ndikudikira. Amayi akunyumba anati, "Atate ake Tisa, mudwala nazo izi. Imbirani alamu anu ku Kariba, mwina akutengani."

Alamu angawo, ba Mwanza, ndi asodzi. Anati bwerani. Ndinapita.

Abale, Kariba si damu la ng'ombe ayi. Umayang'ana, madzi. Uyang'anenso, madzi okhaokha. Ine kusambira sindidziwa. Ntchito yanga inali kukoka ukonde m'mawa, kukapa madzi m'bwato, ndi kutumbula nsomba kumtunda. Nkhafi, mtengo wopalasira uja, alamu sankandipatsa. Ankati, "Imwe mulamu, khasu ndiye lanu. Izi zisiyeni."

Tsiku lina titakoka maukonde, alamu anati tipite patsogolo pang'ono, tikaponye mbedza. Kunali bata, dzuwa lili phwee. Sipanatenge nthawi, chingwe chinakoka mwamphamvu. Mcheni! Amene simunauone, ndi nsomba ya mano ngati misomali, ali panja onse. Unalumpha m'mwamba, siliva yekhayekha, n'kubwereranso m'madzi. Alamu analimbana nawo, kuukoka, kuusiya, kuukokanso, mpaka anaugwetsera m'bwato. Tinaseka, tinakuwa ngati ana.

Ndiye alamu anawerama kuti achotse mbedza. Tonse timayesa watopa. Unangotembenuka kamodzi, n'kuwagwira dzanja lamanja.

Magazi, abale. Magazi! Pamene ankadzigwedeza kuti uwasiye, nkhafi yawo inagwera m'madzi n'kuyamba kupita. Ndinaumenya mutu mcheni uja ndi chitini chokapira mpaka unasiya. Ndinavula malaya, ndinawamanga dzanja. Malaya ananyowa nthawi yomweyo.

Pamenepo ndi pamene mphepo inadzuka. Mphepo ya pa Kariba siuza munthu. Madzi amene anali gonee anayamba kuima, bwato likukwera, likutsika, mafunde akulowa. Kumtunda kwathu kunayamba kuchepa, mapiri a ku Zimbabwe akukula.

Alamu anagona chagada, milomo itayera. Anati, "Mulamu, pansi pa thabwa pali nkhafi ina. Palasani."

Ndinati, "Alamu, sindidziwa!"

Anati, "Palasani chabe. Ine maso akuchita mdima."

Ndinapalasa. Bwato linazungulira. Ndinapalasanso, linazunguliranso. Ndisiye nkhafi ndikape madzi, mphepo yatitenga. Ndisiye kukapa ndipalase, madzi afika m'akakolo. Ndiyang'ane alamu, atseka maso. Ndikuwagwedeza ndi phazi, "Musagone! Ba Mwanza, musagone!" Manja awiri, ntchito zitatu. Ndinaganiza za Tisa mwana wanga, ndinaganiza za mlongo wanga, mkazi wa alamu. Ndikamuuza chiyani? Nanga wokamuuzayo ndani, ine nditamira?

Ndinapemphera, koma musaganize kuti linali pemphero lokonzeka ngati la Abusa. Ndinkangokuwa, "Yesu, ndine mlimi ine! Yesu, ndine mlimi, ndigwireni dzanja!" Basi. Mobwereza, mobwereza.

Mpingo, muli nane?

M'nyanja imeneyo muli mitengo youma imene inamira kalekale pamene ankatseka madzi, nthambi zake zili panja. Asodzi amaiopa chifukwa imaboola mabwato. Mphepo ija inatikankhira pa mtengo umodzi wotere. Bwato silinagunde ndi mphuno, linangokhuza m'mbali. Ndinataya nkhafi m'bwato, ndinakumbatira nthambi ndi manja onse, khungu la pachifuwa likusupuka, mpaka ndinakulungapo chingwe. Tinaima. Mafunde akutimenya, koma sitikupitanso.

Ndinakapa madzi, ndikuitana alamu, ndikukapa, ndikuitana. Ndinawaimbira nyimbo za kwaya, mawu osatuluka bwino, kuti asagone. Ndinamanga chipewa changa pa nkhafi n'kumaikweza m'mwamba. Dzuwa linapendeka ndili choncho.

Kenako ndinamva injini. Bwato la asodzi a kapenta, tinsomba ting'onoting'ono tija. Mkulu wawo anatiuza pambuyo pake kuti njira imeneyo sadzeramo, tsikulo anakhotera kumeneko pothawa mphepo yomweyo. Mwamva? Mphepo imene inkatipha ndi imene inawabweretsa! Winawake anene Amen!

Anatikoka mpaka kumtunda, anathamangira nawo alamu kuchipatala. Anawasoka, anawaika madzi m'thupi. Anamwino anati tikanachedwa pang'ono, nkhani ikanakhala ina. Ine ndinakhala pansi pakhonde la chipatala, wopanda malaya, ndikulira ngati mwana, osachita manyazi.

Ndinabwerako, abale. Mvula inabwera, ndinalima, ana akudya. Kunyanja ndinasiyira eni ake.

Koma lero sindinabwere ndekha. Alamu afika dzulo kudzationa. Ba Mwanza, imirirani, anthu akuoneni. Kwezani dzanjalo. Kwezani! Onani zipsera, mpingo. Pindani zala, alamu. Mwaona? Zonse zikugwira, ndipo akupalasa nazo mpaka lero.

Zikomo Yesu. Zikomo Atate wakumwamba, munamva kukuwa kwa mlimi pakati pa madzi. Azimayi, nthungululu zili kuti? A kwaya, gwirani ng'oma! Imirirani nonse, sangalalani nafe, timuombere Mulungu m'manja!