Akalipentala ndi Mipando Yawo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1948, achiwiri m'banja la ana asanu, ndipo ine ndine mng'ono wawo. Sukulu anailekeza panjira mu 1962, koma ku madrasa anapitiriza. Mu 1965 anayamba ukalipentala, ntchito imene anakalamba nayo.

Mu 1974 anakwatira alamu angawa. Poswali, ndiye kuti popemphera, malemu ankapinda manja pachifuwa, pamene alamu, monga anaphunzirira kwawo, ankawatsitsa m'mbali. Anatsutsana zaka zonsezi popanda wogonja, koma onse ankayang'ana mbali imodzi.

Aliyense wolowa m'banjali, pobadwa kapena paukwati, ankamukhomera mpando wakewake wa patebulo. Akuluakulu ankayamba awayeza miyendo ndi tepi, ndipo panalibe kukana.

Mu 2009 mwana wawo wotsiriza, telala, anawauza kuti sadzakwatira mkazi, komanso kuti mwamuna amene ankakhala naye sanali wongothandizana naye lendi. Malemu zinawasowetsa tulo. Anafunsa mashehe. Wina anati amuthamangitse. Wina anati ndi tchimo, koma kudula ubale nalonso ndi tchimo. Wina anati chiweruzo asiyire Allah. Patapita nthawi tinangoona atenga tepi kukayeza mwamuna uja.

Mwana wachisamba, mphunzitsi wa madrasa, zinamupweteka kwambiri. Anati zimenezo ndi haramu, ndipo patebulopo sadzakhalaponso. Malemu anangoti, "Ndamva, mwanawanga, koma mpando wako sindichotsa." Lachisanu lililonse ankaupukuta fumbi, ndipo mlendo akafuna kukhalapo ankamuuza kuti mwiniwake ali m'njira. Mantha awo anali amodzi: kumwalira ana awo asakulankhulana.

Mu 2023 anafa ziwalo mbali imodzi, moti kuwatembenuza pabedi kunkafuna anthu awiri. Wachisamba atabwera kudzawaona, anapeza mnzake wa telala uja akulimbana nazo yekha. Anavula jekete n'kugwira kumapewa. Maganizo ake sanasinthe mpaka lero, ndipo wandipempha yekha kuti ndinene zimenezi poyera. Koma tsiku limenelo chakudya chitapsa, anakhala pampando wake, moyandikana ndi mng'ono wake. Malemu anadya kuposa mmene adokotala analolera.

Anatisiya pa 14 Juni 2025, ana onse ali pambali pawo. Asiya mkazi, ana atatu, adzukulu asanu ndi awiri, ndi apongozi atatu. Tawerenga potsata mipando.

Tikuthokoza anamwino, a kumzikiti, ndi inu nonse amene mwatipepesa. Allah awakhululukire zolakwa zawo, ause mumtendere. Mpando wopanda munthu patebulo paja tsopano ndi wawo, ndipo m'mawa uno waupukuta ndi wachisamba.