Mkamwini wa Ntchito Yaulere

A Laurenti anachita kuyenda wapansi kuchokera ku Machinjiri mpaka ku Zingwangwa kudzafunsa Evance, mwana wa mlongo wawo, chinthu chimodzi chokha: mawa, pokamufunsira mbeta kwa makolo a Petronela, akanene kuti mnyamatayu amagwira ntchito yanji? Anamupeza ali ndwii pa kompyuta yobwereka, mnyamata amene chibadwire sanadziwepo kuti munthu akumunyogodola.

"Ndimakonza pulogalamu, malume. Imafa munthu akafuna kupulinta."

"Zikomo, adokotala. Mwini wake ndani?"

"Ilibe mwini. Ndi ya aliyense."

"Ngati chitsime?"

"Eya! Mwamvetsa msanga."

A Laurenti anavula chipewa n'kuchikhazika pabondo. "Nanga bwana wako?"

"Palibe bwana. Pali a Joan, a ku Holland. Ndikakonza ndimawatumizira pa imelo, iwo n'kuona ngati zili bwino."

"Mzungu. Iwe ukugwira, iye akuyendera. Pakutha pa mwezi?"

"Palibe. Amangolemba dzina lako m'munsi mwa pulogalamu."

"Ayi ndithu, wadala! Petronela azidzathira dzinalo mchere n'kudyera."

"Dzina sadyera, malume."

"Ukunena zoona? Ine mpaka kukalamba osadziwa!" Anamenya chipewa chija. "Iwe, agogo ako anachoka ku Mozambiki n'kumalimira mzungu ulere ku Thyolo. Imeneyo inali thangata. Tavota, matipate yabwera, iwe n'kukaitenganso wekha pa waya wa telefoni?"

"Koma agogo ankawakakamiza. Ine ndimafuna ndekha."

"Ndiye kupita patsogolo kumeneko! Kapitawo apume, kapolo akudzikwapula yekha."

"Palibe amandikwapula. Msana wokha ndiwo umawawa."

"Mayo ine! Tamvera. Ntchito yaulere mwamuna amagwira malo amodzi: m'munda mwa apongozi. Ndikawauze kuti mkamwini wawo mphamvu anamalizira ku Holland?"

"Muwauze kuti aliyense akhoza kuitenga pulogalamuyi, kuisintha, ngakhale kuigawa. Iwonso ndikhoza kuwakopera pa disiketi."

"Adzasangalala zedi. Adzaipachika pakhoma pafupi ndi chithunzi cha Papa."

"Ayi, pakhoma imaonongeka ndi dzuwa."

A Laurenti anadzuka. Zinawapweteka ndithu, poti mwana wa mlongo wawoyu anamulera okha. "Zima chinthucho. Lero lomwe uwalembere a Joan akowo kuti wasiya. Apo ayi, ine mawa sindipita, ukadzifunsire wekha."

"Kusiya n'kosavuta," anatero Evance. "Ndiponso zomwe ndinatumiza anazibweza."

"Anatani?"

"Anazikana. Ati ndakonza kupulinta koma ndaononga kusunga. Atenga za mnyamata wina wa ku Brazil."

"Ntchito yaulere? Anaikana?"

"Mwaulemu ndithu. Anati zikomo."

"Zikomo! Agogo ako mzungu sanawabwezepo mzere ndi umodzi womwe. Ankachita kuitana anthu kudzaonera kalimidwe kawo! Lero mdzukulu wawo agonje kwa mwana wa ku Brazil?"

Evance anatambasula dzanja. "Ndizime tsono?"

A Laurenti analimenya dzanjalo. "Ukazima ndikuthyola chala! Khala pansi, ukonze kupulinta ndi kusunga komwe, utumizenso."

"Nanga kwa Petronela mawa?"

"Adikire! Ulova ndikhoza kukaufotokoza kwa apongozi, mwana wanga. Koma ndikayambire pati kunena kuti mkamwini wawo anamuchotsa ntchito yaulere?"